MLANDU SUOLA: MBIRI YA UDINDO WA MMISIRI NCHITO ITATHA

 Phunziro lathu la lero tiliyamba ndi kukweza maso. Yang'anani denga la cipinda cimene mwakhalamo. Muona malata, mitanda ndi misomali. Munthu amene anakhoma misomali imeneyo sali pano. Anatsiriza nchito yake, nalandira malipiro, nanyamula nyundo yake, napita. Mwina lero ali ku Chipata, mwina ku Lusaka, mwinanso dzina lake palibe alikumbukira. Koma inu mukhala pansi pa nchito ya manja ake tsiku ndi tsiku, ndipo moyo wanu udalira m'mene iye anaigwirira.

Tsono tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Novembala, ndipo mvula yoyamba yabwera ndi cimphepo kucokera ku mapiri a Mphangwe. Denga lasasuka, ndipo lata limodzi lagwera mwana amene anali kuthamangira kwao, nilimtema mwendo. Mwanayo apita naye ku cipatala ca St Francis. Akulu atayang'ana bwino apeza kuti mitanda sinamangiriridwe ku khoma monga kuyenera. Koma papita zaka zitatu cimangire nyumbayo. Kodi mlandu ulipo? Ngati ulipo, ndi wa yani? Nanga ndalama zolipira zidzacokera kuti? Mafunso atatu amenewa anthu alimbana nao kwa zaka zikwi zinai, ndipo mbiri yake ndiyo tifotokoza lero.

Kale kwathu kuno

Tiyambire pakhomo. M'midzi ya Acewa a Kalonga Gawa Undi, amene likulu lao lili ku Mkaika m'boma la Katete, munali amisiri a mitundu yambiri. Panali oyenga citsulo m'ng'anjo ndi osula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Panali amai oumba mbiya ndi miphika, ndiponso amuna osema mitondo ndi oluka nkhokwe. Cinthu cacikulu coti tizindikire ndi ici: wopanga ndi wogula anali kudziwana. Mwini khasu anadziwa dzina la wosula, mfunda wake, ndi khomo la nyumba yake. Khasu likathyoka pa mzere woyamba, panalibe cifukwa colembera kalata. Munthu anangonyamula zidutswa napita nazo kwa mwini nchito. Mmisiri wonama sanali kukhalitsa, pakuti mbiri yoipa siicedwa kuzungulira midzi.

Munthu akaonongera mnzake cinthu, kaya ndi moto umene wathawa m'munda nutentha nkhokwe, kaya ndi ziweto zimene zadya mmera, nkhani inali kupita ku bwalo pamaso pa mfumu ndi nduna zake. Colinga ca bwalo cinali kubwezera woonongeredwa ndi kuyanjanitsa anthu. Wolakwa analipira nkhuku, mbuzi kapena makasu, ndipo pa milandu yoopsa ya imfa, m'masiku akale kwambiri, banja linali kupereka ngakhale munthu.

Pa mwambo umenewu titengepo mfundo ziwiri. Yoyamba ili m'mwambi wakuti mlandu suola. Nyama iola, nsima isasa, koma colakwa sicitha cifukwa cakuti papita nthawi. Yaciwiri ndi yakuti wolakwa sanali kusenza mlandu yekha. Mwa Acewa mwana ndi wa kwa mai wake, ndipo mlongo wa maiyo, amene ana amutcha atsibweni kapena amalume, ndiye mwini mbumba. Mphwake akapalamula, iye ndiye anali kuimirira pa bwalo, nasonkhanitsa kwa abale zoti alipire. Wina anapereka nkhuku, wina khasu, kufikira dipo litakwana. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Sungani mfundo ziwirizi, pakuti tidzakomana nazonso ku mathero a nkhani yathu zitabvala zobvala zacilendo.

Mwala wa ku Babulo

Funso la mmisiri amene nchito yake yapweteka munthu silinali la kwathu kokha. M'dziko limene lero litchedwa Iraq munali mzinda wa Babulo, ndipo mfumu yake Hammurabi inalamulira zaka pafupifupi 1,750 Yesu asanabadwe. Mfumuyi inalembetsa malamulo ake pa mwala wakuda wautali kuposa munthu. Mwalawo unafukulidwa ku Susa, m'dziko la Iran, mu 1901, ndipo usungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Louvre ku Paris.

Pa malamulo amenewo pali angapo onena za omanga nyumba. Nyumba ikagwa nipha mwini wake cifukwa cakuti sinamangidwe molimba, womangayo anayenera kuphedwa. Ikapha mwana wa mwini nyumba, anali kuphedwa mwana wa womangayo. Ikaononga katundu, womanga anayenera kubweza katunduyo ndi kumanganso nyumbayo ndi cuma cake. Khoma likangopendama, anayenera kulilimbitsa popanda malipiro ena.

Malamulowa ndi ankhanza, ndipo palibe wanzeru angafune kuti abwerere, pakuti kupha mwana wosalakwa sikuukitsa mwana amene wafa. Koma onani kuti Ababulo anali atasiyanitsa kale zinthu ziwiri. Cina ndi kukonza nchito imene yalakwika, monga khoma lopendama. Cina ndi kulipira munthu amene nchito yolakwikayo yamupweteka. Kusiyana kumeneku kulipo kufikira lero.

Patapita zaka zambirimbiri, dziko la France linaika nthawi pa udindo umenewu. Malamulo a dzikolo amene anakhazikitsidwa mu 1804, m'nthawi ya Napoleon, anati womanga ndi wojambula mapulani akhale ndi mlandu kwa zaka 10 ngati nyumba igwa cifukwa ca kamangidwe koipa.

Wopanga asanduka mlendo

Malamulo a m'makhoti athu a boma anacokera ku England, cotero tiyenera kuona zimene zinacitika kumeneko. M'zaka za m'ma 1800 dziko limenelo linadzala ndi mafakitale. Zinthu zinayamba kupangidwa ndi makina, zikwi pa tsiku, ndi kutumizidwa kutali pa sitima. Pakati pa wopanga ndi wogwiritsa nchito panalowa amalonda awiri kapena atatu. Wopanga anasanduka mlendo amene wogula sadzamuona ndi maso moyo wake wonse.

Poyamba makhoti anateteza opanga. Mu 1842 kunali mlandu wa munthu wina dzina lake Winterbottom, woyendetsa ngolo ya akavalo yonyamula makalata. Ngoloyo inathyoka pa njira, iye nagwa nalumala. Anasumira Wright, amene anapangana ndi mkulu wa mapositi kuti azikonza ngolozo. Khoti linakana dandaulo lake. Linati Wright anapangana ndi a positi, sanapangane ndi woyendetsa ngolo, cotero kwa iyeyu alibe mangawa. Oweruza anaopa kuti akalola mlandu umodzi wotere, milandu idzacuruka kosawerengeka. Kwa zaka zambiri lamulo linakhala lotero: amene sunapangane naye sungamusumire, ngakhale nchito yake ikuthyole msana.

Ana inu, ganizirani mwana wathu uja wa lata. Iye sanasaine pangano lililonse ndi womanga sukulu. Mwa lamulo la 1842 akadabwerera kumudzi manja ali m'khosi.

Kusintha kunayambira ku America. Mu 1916 khoti lalikulu la ku New York linazenga mlandu wa MacPherson, amene anagula galimoto ya Buick kwa wamalonda. Gudumu lake linali ndi masipoko a mtengo, ndipo linaphwanyika galimoto ili kuyenda. A kampani ya Buick anati iwo sanagulitse galimotoyo kwa MacPherson, ndiponso gudumulo anagula kwa kampani ina. Woweruza Benjamin Cardozo anakana mau amenewo. Anati wopanga cinthu cimene cingaike moyo pa ngozi cikapangidwa mosasamala, podziwa kuti cidzagwiritsidwa nchito ndi anthu ena popanda kuciyesanso, ayenera kusamala.

Nkhono m'botolo

Mlandu umene unasintha zinthu ku Britain, ndi m'maiko onse otsata malamulo ake, unayamba ndi kanthu kakang'ono. Pa 26 Ogasiti 1928, mai wina wosauka wa ku Glasgow m'dziko la Scotland, dzina lake May Donoghue, analowa m'nyumba yodyera m'tauni ya Paisley pamodzi ndi mnzake. Mnzakeyo anamgulira cakumwa ca jinja. Botolo linali lakuda, losaoneka m'kati. Maiyo atamwa gawo lina, mnzakeyo anathira cotsala m'tambula, ndipo monga ananenera iye, munatuluka nkhono yoola. Pambuyo pake anadwala m'mimba. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mai Donoghue sanagule cakumwaco ndi ndalama zao, cotero analibe pangano ndi mwini sitolo, ngakhale ndi David Stevenson amene anacipanga. Komabe anasumira Stevenson nafuna mapaundi 500. Mlandu unakwera kufikira ku House of Lords, limene pa nthawiyo linali khoti lalikulu koposa m'dzikomo. Pa 26 Meyi 1932 oweruza atatu mwa asanu anabvomereza kuti mlandu wotere ungazengedwe. Mmodzi wa iwo, Lord Atkin, anafotokoza kuti munthu ayenera kusamala kuti asapweteke mnansi wake, ndi kuti pa lamulo mnansi ndiye aliyense amene zocita zathu zingamkhudze kwambiri kotero kuti tiyenera kumkumbukira pocita nchito yathu. Wothira cakumwa m'botolo ndi kulitseka ayenera kukumbukira amene adzamwa, ngakhale sadzaonana naye.

Stevenson anamwalira caka comweco, ndipo osunga cuma cake anagwirizana ndi maiyo kunja kwa khoti pa mapaundi 200. Cotero khoti silinatsimikize konse ngati nkhonoyo inalimodi. Koma lamulo linakhazikika, ndipo m'kupita kwa zaka linafika kwa omanga nyumba, okonza makina ndi amisiri ena. Onani kuti ngakhale imfa ya wopanga sinathetse nkhaniyo. Azungu anayenda ulendo wa zaka 90, kucokera mu 1842 kufikira mu 1932, kuti afike pamene makolo athu anali ataima kale: mlandu suola.

Lamuloli lifika m'Zambia

Pa 17 Ogasiti 1911 maiko awiri, North-Eastern Rhodesia, limene likulu lake linali Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, ndi North-Western Rhodesia, anaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia. Kufikira lero malamulo athu anena kuti malamulo a ku England ocokera m'ziweruzo za makhoti, pamodzi ndi malamulo olembedwa amene anali kugwira nchito kumeneko pa tsiku limenelo, agwiranso nchito m'Zambia ngati Nyumba ya Malamulo yathu sinawasinthe. Mabwalo a mafumu anazindikiridwa ndi boma la atsamunda mu 1929, ndipo titalandira ufulu, lamulo la 1966 linakhazikitsa makhoti ang'ono oweruza mwa mwambo. Motero mitsinje iwiri, wa makolo ndi wa ku England, iyenda pamodzi m'dziko lathu.

Makhoti athu akulu atsata ciweruzo ca nkhono ija. Citsanzo codziwika ndi mlandu wa a Michael Sata, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri wa dziko kuyambira 2011 kufikira 2014. Iwo anasumira kampani ya Zambia Bottlers atapeza mphemvu yakufa m'botolo la Sprite losatsegula. Mu 2003 khoti lalikulu koposa m'dziko muno linakana kuwapatsa cipepeso, cifukwa palibe amene anamwa cakumwaco nadwala. Pamenepa tiphunzirapo kuti pa mlandu wa kusasamala sikokwanira kuonetsa kuti wopanga analakwa. Wodandaula ayenera kuonetsanso cimene capwetekeka, kaya ndi thupi kaya ndi katundu. Ndico cifukwa cake cikalata ca dotolo ndi cofunika kwambiri, ndipo munthu wobvulala asacedwe kupita ku cipatala.

Kuonjezera pa makhoti, boma linaika mabungwe oyang'anira. Lamulo la 2003 linakhazikitsa National Council for Construction, bungwe limene lilembetsa makontilakita ndi kuwaika m'magiredi monga mwa kukula kwa nchito imene angakhoze. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2020. Lamulo la 2010 loteteza ogula linapatsa mphamvu bungwe la Competition and Consumer Protection Commission kulandira madandaulo a anthu amene agulitsidwa katundu woipa.

Ndalama zicokera kuti?

Tayankha mafunso awiri: mlandu ulipo, ndipo ndi wa wopanga kapena womanga amene sanasamale. Latsala lacitatu, ndilo lobvuta koposa. Khoti lingagamule kuti kontilakita alipire, koma ngati cuma cake conse ndi wilibala, makwerero ndi njinga, ciweruzo cikhala pepala cabe. Kumudzi atsibweni anali kusonkhanitsa mbumba. Nanga kampani atsibweni ake ndani? Kuti tipeze yankho tibwerere pang'ono m'mbuyo, tione m'mene inshuwalansi inayambira.

Poyamba anthu anali kuteteza katundu wao cabe. Moto waukulu umene unatentha mzinda wa London mu 1666 unacititsa kuti pabadwe makampani olipira eni nyumba zakupsa. Ca m'ma 1688, m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd mumzinda womwewo, eni zombo anali kukomana ndi anthu acuma amene, polandira kandalama pang'ono, analonjeza kulipira ngati combo cimira. Malo amenewo ndiwo anakula kukhala msika wa inshuwalansi wotchedwa Lloyd's. Inshuwalansi ya mtundu wina, yolipira mlandu umene munthu wapalamula kwa mnzake mosafuna, inabwera mocedwa. Mu 1880 Britain inapanga lamulo lolola anchito obvulala kusumira mabwana ao pa zifukwa zina, ndipo nthawi yomweyo panayambika kampani yoteteza mabwanawo ku milandu yotere. Makhoti atatsegula khomo kwa anthu onga Mai Donoghue, eni mafakitale ndi omanga anaona kuti naonso afunika citetezo cotero.

Kayendedwe kake nkosabvuta, ndipo a Giredi 6 angakacite pa bolodi. Tiyerekeze kuti pali omanga 100, ndipo aliyense aponya K1,000 m'thumba limodzi pa caka. M'thumbamo mukhala K100,000. Pa cakaco awiri mwa iwo apezeka ndi mlandu wa K40,000 aliyense. Thumba lilipira K80,000, ndipo K20,000 itsala yoyendetsera nchito ndi kusungira caka ca mawa. Palibe mmodzi wa omangawo akadatha kulipira K40,000 payekha, ndipo palibe anadziwa kuti tsoka lidzagwera yani, pakuti tsoka silinunkha. Imeneyi ndiyo mbumba yatsopano: abale ake sadziwana, koma asenzera pamodzi denga limodzi.

Koma inshuwalansi ya nchito yotha ili ndi bvuto lake lake, ndilo nthawi. Nyumba ikapsa, mwini adziwa tsiku lomwelo. Koma colakwa ca mmisiri cingabisale zaka zambiri. Mankhwala otchedwa thalidomide anayamba kugulitsidwa ku West Germany mu 1957, ndipo amai apakati anali kumwa kuti aleke mseru ndi kupeza tulo. Pofika 1961, pamene anacotsedwa pa msika, ana oposa 10,000 m'maiko ambiri anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yopunduka. Citsanzo cina ndi asibesito, mwala wa ulusi umene unali kukumbidwa ngakhale ku Zvishavane m'dziko la Zimbabwe, ndi kuikidwa m'malata ndi m'mapaipi. Pfumbi lake lidwalitsa mapapo patapita zaka 20 kapena 40. Milandu ya asibesito ya ku America inali imodzi ya zinthu zimene zinatsala pang'ono kugwetsa msika wa Lloyd's kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, popeza unali kulipira pa mapangano amene analembedwa zaka makumi angapo m'mbuyomo.

Zocitika zotere zinasonkhezera maiko kulimbitsa malamulo. Mu 1978 France inalamula kuti womanga aliyense akhale ndi inshuwalansi ya zaka 10 zija asanayambe nchito. Mu 1985 maiko a ku Ulaya anagwirizana kuti wopanga alipire ngati cinthu cake cili ndi cilema nicipweteka munthu, popanda wobvulalayo kuonetsa kuti panali kusasamala.

M'dziko lathu, nthawi ya atsamunda nchito ya inshuwalansi inali m'manja mwa makampani akunja. Mu 1968, caka cimene a Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi za kusintha kwa kayendetsedwe ka cuma, boma linakhazikitsa Zambia State Insurance Corporation. Lamulo la 1970 linaika nchito yonse ya inshuwalansi m'manja mwa kampani imeneyi, ndipo inakhala yokha kwa zaka pafupifupi 20. Boma la a Frederick Chiluba litalowa mu 1991, makampani ena analoledwanso. Bungwe la Pensions and Insurance Authority ndilo lipereka ziphaso kwa makampaniwa ndi kuwayang'anira, ndipo lamulo la inshuwalansi la 1997 linalowedwa m'malo ndi la 2021. Inshuwalansi ya mlandu imene ambiri aidziwa ndi ya galimoto: lamulo lifuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pa mseu, monga zimene muziona pa mseu waukulu wa Great East kapena wopita ku Chanida, ikhale ndi inshuwalansi yolipira munthu amene ingamgunde. Ya womanga ndi ya wopanga zinthu ndi mbale wake wa imeneyi.

Tibwerere ku denga lathu

Nkhani imeneyi si ya m'mizinda yokha. Mu 2022 boma linakweza ndalama za citukuko za dera la phungu aliyense kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Madera a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi analandira gawo lao, ndipo nchito zonga kumanga zipinda za sukulu, kupanga madesiki ndi kukumba mijigo zapatsidwa kwa makontilakita ambiri ang'onoang'ono. Ici ndi cinthu cabwino, koma citanthauzanso kuti aphunzitsi akulu ndi makomiti a makolo alandira makiyi a nyumba zatsopano kawirikawiri. Tsono ayenera kusiyanitsa zinthu zitatu zimene anthu ambiri azisokoneza.

Coyamba ndi inshuwalansi ya nthawi yomanga. Imeneyi ilipira ngati khoma ligwa, zipangizo zipsa, kapena munthu wodutsa apwetekeka nchito ili m'kati. Kawirikawiri itha mphamvu nchito ikaperekedwa, kapena pakutha pa nyengo yokonza zolakwika.

Caciwiri ndi nyengo yokonza zolakwikayo. M'mapangano ambiri omanga, mwini nchito asunga kagawo ka malipiro kwa miyezi ingapo, kawirikawiri 12, ndipo ming'alu kapena kudontha kukaoneka m'nyengoyo, kontilakita abwerera kudzakonza asanalandire ndalama zotsalazo. Imeneyi si inshuwalansi ai. Ndi cikole, ndipo ifanana ndi lamulo la Hammurabi la khoma lopendama.

Cacitatu ndico mutu wa phunziro lathu: inshuwalansi ya mlandu wobuka nchito itatha ndi kuperekedwa, kapena katundu atacoka m'manja mwa wopanga. Imeneyi ndiyo ingalipire mwana wathu uja ndalama za mankhwala, za ulendo, ndi cipepeso ca kupunduka kwake, ndiponso ingalipire mnansi amene lata linaphwanya nkhokwe yake. Ilipiranso maloya oimira kontilakita pa mlandu. Koma mvetsani bwino zimene siicita. Mwa nthawi zonse siilipira kukhomanso denga limene linakhomedwa moipa, pakuti nchito yoipa ndi ngongole ya mmisiri mwini. Siilipira colakwa cocita dala. Ili ndi malire a ndalama olembedwa m'pangano, ndipo zopitirira pamenepo alipira ndi kontilakita. Ilinso ndi malire a nthawi: mapangano ena alipira ngozi imene yacitika m'caka cimene pangano lili ndi mphamvu, ena alipira dandaulo limene laperekedwa m'cakaco. Cotero womanga amene aleka kupereka ndalama zake za pa caka tsiku lomwe wapereka makiyi, angapezeke wopanda citetezo mphepo ija ikadza patapita zaka zitatu.

Cifukwa cake, pofika tsiku lolandira nyumba yatsopano, pakati pa nyimbo ndi nthungululu, pakhale munthu mmodzi wofunsa modzicepetsa: Kodi bambo, muli m'kaundula wa bungwe la omanga? Kodi nyengo yokonza zolakwika itha liti? Kodi muli ndi inshuwalansi ya mlandu wobuka nchito itatha, ndipo ndi ya kampani iti? Mayankho alembedwe m'buku la sukulu pamodzi ndi dzina la kontilakita ndi tsiku limene nyumba inaperekedwa. Kufunsa kotere si kunyoza mmisiri. Mmisiri woona akondwera nako, pakuti kumsiyanitsa ndi wongofuna ndalama.

Ndipo inu ana, ena mwa inu mudzakhala akalipentala, omanga, ootcherera zitsulo, oyenga mafuta a mpendadzuwa, kapena opanga ciponde ca nshawa cogulitsa m'mabotolo. Anthu amene adzakhala pa mipando yanu ndi kudya zopanga zanu simudzawadziwa maina, monga Stevenson sanadziwe Mai Donoghue. Inshuwalansi idzakuthandizani kuwalipira tsoka likagwa, ndipo munthu wanzeru sayamba malonda popanda kuifunsira. Koma ndalama sizibweza mwendo. Msomali umene uyenera kukhomedwa, ukhomeni tsiku lomwelo, ngakhale palibe wokuonani.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa, citani izi ndi ana. Abweretse botolo, citini kapena paketi yopanda kanthu, napeze pamene palembedwa dzina la wopanga, malo ake, ndi tsiku limene cinthuco citha mphamvu. Kenaka afotokoze cifukwa cake zimenezi zilembedwa. Afunsenso agogo ao m'mene mlandu wa moto wotentha nkhokwe ya mnansi unali kuweruzidwira pa bwalo, ndi amene anali kusonkha dipo. Potsiriza, tulukani nao panja, muzungulire cipinda canu, muone ngati mitanda ya denga inamangiriridwa ku khoma. Mukapeza pokaikitsa, uzani aphunzitsi akulu mvula isanayambe.